Penti watsopano akumatuka pakhoma, ndalakwitsa pati?

Amake Mapasa, Chilomoni
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto, mwina alipo angandigawireko nzeru. Nyumba tikukhalayi anatisiyira malemu bambo anga. Inamangidwa ine ndili mwana ndipo yakhala ikupentedwa mobwerezabwereza zaka zonsezi. Mwezi wathawu ndinatapa kandalama pa geni yanga ya zitenje n'kugula zigubu ziwiri za penti wamadzi, wa PVA uja, ndipo mnyamata wina wa m'dera mwathu muno anatipentera pabalaza ndi kuchipinda kwa ana. Tsiku loyamba munawala mpaka aneba ankabwera kudzasuzumira. Pano sipanathe ndi milungu itatu yomwe, pentiyo wayamba kumatuka. Kumunsi kwa khoma akusendeka ngati khungu la mbatata yophika, ukangokanda pang'ono chikuchoka chachikulu ngati chikhatho. Kumtunda sakusendeka choncho, koma akuyoyoka timakoko ting'onoting'ono, m'mawa uliwonse ndikumasesa toyera pansi. Pakona ina kuchipinda kwa ana patuluka matuza. Mtima ukundiwawa chifukwa ndalamayo sindinaitole. Kodi ndinagula penti wabodza? Kapena mnyamata uja anachulutsa madzi? Ndikufuna m'nyumbamu mukhale bwino tisanafike Khirisimasi, koma ndikuopa kutayanso ndalama kachiwiri.

Wa lendi ku Area 25
Pepani kwambiri mayi. Ine ndikuona ngati anakugulitsani wosakaniza. Alipo ena amatola zigubu zakale n'kuthiramo laimu ndi madzi, kenako n'kutseka bwinobwino. Chivindikiro chinali chomata pamene munkagula?

Amake Mapasa, Chilomoni
Chinali chomata ndithu achimwene. Ndinagula mu hadiweya yaikulu m'tauni, ndipo lisiti ndikusunga.

Wopenta wa ku Ndirande
Mayi, pepani ndi zimene zakuonekeranizi. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndinaiphunzira kwa amalume anga ndili mnyamata ndipo ndi imene yalera ana anga. Musafulumire kumunena penti. Wabodza alipo inde, koma penti woipa amaipa paliponse mofanana. Inu khoma limodzi likukuonetsani matenda atatu: kumunsi kusendeka, kumtunda kuyoyoka, pakona matuza. Zimenezi zikundiuza kuti nkhani ili pa zimene zinali pakhomapo kale, watsopanoyo asanafike.

Mundichitireko izi musanagule china chilichonse. Kumunsi komwe wasendekako, yang'anani penti wakale amene waonekerayo. Ndi wonyezimira, woterera mukapititsapo chala? Tengani kansanza, muviike mu spiriti wamtundu wa pepo uja timagula m'magolosale, mutikite pamenepo kwa kanthawi. Mtundu ukatsalira pa kansanzako, wakaleyo ndi wamadzi. Kakachoka koyera, ndi wamafuta. Kumtundako musavutike ndi spiriti, ingopakanipo chikhatho pamene pagwa timakoko paja, muone ngati m'manja mukutsala ufa woyera. Pakona pa matuza paja, tulukani panja mukaone kuti kuseri kwa khomalo kuli chiyani. Mukatero mudule kapepala ka jumbo, mukamate pakonapo ndi selotepi mbali zonse zinayi, mukasiye usiku uwiri. Mudzatiuze zomwe mwapeza.

Achimwene a ku Joni
Madala a ku Ndirande anena zoona. Ine sindikufunikanso kudikira mayeso, kumunsiko ndi gloss basi, penti wamafuta wonyezimira uja. Nyumba zambiri zakale kwathuko ankapenta theka lakumunsi ndi wamafuta kuti ana akadetsa azingopukuta.

Amake Mapasa, Chilomoni
Ndabweranso abambo. Zonse zatuluka mmene munanenera. Kumunsi, wakaleyo ndi wobiriwira, wonyezimira ngati mbale ya enamelo, ndipo spiriti sanamusunthe ngakhale pang'ono. Ndakumbukira kuti bambo anga ankakonda mtundu umenewu, unkafika m'chiuno mwa munthu wamkulu kuzungulira nyumba yonse. Kumtunda chikhatho chayera mbuu ngati ndagwira ufa woyera. Ndinayesa kukanda ndi mpeni, ndapeza kuti pansi pake pali zoyera zosanjikizana zingapo, zokhuthala ngati chikhadabo. Kuseri kwa kona ija kuli mpopi wathu wa panja, ndi pamene timachapira ndi kutsukira mbale, madzi amangodikha m'mphepete mwa khoma. Jumbo ija ndaimatula m'mawa uno, mbali yoyang'ana kukhoma ili ndi timadontho ta madzi.

Wopenta wa ku Ndirande
Zikomo mayi, mwagwira ntchito yabwino. Ndiye penti wanu alibe mlandu. Tiyambe kumunsi. Penti wamafuta akauma amakhala ngati galasi, alibe pogwira. Wamadzi mukamupaka pamenepo amangogona pamwamba, sanalume kanthu, n'chifukwa chake akuchoka chachikulu. Kumtundako ndi laimu wa zaka zambiri. Laimu akakalamba amasanduka ufa, ndiye penti wanu anagwira ufawo m'malo mogwira khoma. Komanso PVA akamauma amakhwinyata pang'ono, amakoka, ndiye amazula laimuyo n'kugwa naye limodzi. Mukatembenuza kakoko kamodzi muona kuti kuseri kwake kuli koyera kwa laimu. Pakonapo ndi chinyezi. Khoma likumwa madzi a pampopi, madziwo akufuna potulukira, apeza penti wawatsekera, ndiye akumutukumula.

Chimodzi chikundiwawa kukuuzani, koma ndibwino mumve lero: wopakidwa mwezi wathayo ayenera kuchoka paliponse pamene akulola kuchoka. Mukapakanso pamwamba pake mungowonjezera kulemera, agwa onse awiri.

Agogo a ku Dedza
Akundilembera mdzukulu wanga. Ana inu mukumunena laimu ngati ndi mdani. Ife takula naye. Chaka ndi chaka mvula isanagwe tinkanyika laimu m'mgolo, kuthiramo mchere pang'ono kuti asamatsalire pa zovala, n'kupaka nyumba yonse ndi bulashi yaikulu. Nyumba yanga ndi ya zidina, ndimapakabe laimu mpaka lero, ndipo matuza mukunenawo sindinawaonepo. Laimu satsekera khoma, chinyezi chimalowa n'kutuluka. Mwana wanga wa ku Chilomoni, ngati ndalama yavuta, bwanji osabwerera kwa laimu amene bambo ako ankapaka?

Wopenta wa ku Ndirande
Agogo, sinditsutsana nanu ngakhale pang'ono. Pa nyumba ya zidina kapena yomangira matope, ineyo ndimawauza anthu kuti asataye ndalama ndi PVA, apake laimu. Khomalo limapuma, ndipo laimu watsopano sagwirizana ndi nkhungu. Vuto si laimu, vuto ndi kusanjika zinthu zosagwirizana. Laimu amakonda laimu mnzake kapena pulasitala wosapaka kanthu. Pamwamba pa PVA kapena wamafuta sagwira, ndipo PVA pamwamba pa laimu sagwira. Mayiwa akafuna kubwerera kwa laimu kumtundako n'zotheka, koma ayenerabe kupala kaye PVA yense. Ndiye popeza kupalako sikuthawika, asankhe okha. Ndingokumbutsa kuti m'nyumba muli ana aang'ono, ndipo khoma la laimu silitsukika.

Achimwene a ku Joni
Madala, koma kupala nyumba yonse si masewera. Kuno ku Johannesburg tikapeza khoma la ufa timangochotsa zogwedera, kenako n'kupaka bonding liquid. Amalowa mu ufamo n'kuulimbitsa, mawa lake mwayamba kupenta. Ku Blantyre m'mahadiweya amapezeka. Bwanji tiwapulumutse mayiwa ku thukuta limeneli?

Wopenta wa ku Ndirande
Achimwene, bonding liquid ndimamudziwa ndipo ndimamugwiritsa ntchito. Koma makoma mukupeza kumeneko ndi a PVA wakale amene wangofumbwa pamwamba, ufa wake ndi wochepa. Apa amva kuti laimu wasanjikizana mpaka kukhuthala ngati chikhadabo. Mankhwalawo angolowa pang'ono pamwamba, pansi pake pakhalabe ufa. Ndinazionapo ndi maso anga pa nyumba ina ku Bangwe. Mwini wake anakana zopala, tinapaka bonding liquid, zinakhala bwino mpaka mvula itayamba, kenako zinagwa zikoko zazikulu ngati makungwa a bulugama. Ndinapentanso ndi ndalama yanga chifukwa cha manyazi. Kuyambira tsiku limenelo, laimu wokhuthala ndimapala kaye, bonding liquid amabwera pambuyo kudzagwira kafumbi kotsalira.

Ndipo kupala laimu sikovuta ngati mmene anthu amaganizira, bola osapala pouma. Nyowetsani kachigawo ka khoma ndi madzi, bulashi yaikulu kapena nsanza, mudikire pang'ono alowe, kenako sikirepa. Amachoka ngati phala. Pokanirira, bulashi ya waya. Mukamaliza mutsuke khomalo ndi madzi oyera kawiri, mulisiye masiku awiri kapena atatu mawindo ali otsegula. Nyengo ino yotentha ikuthandizani.

Achimwene a ku Joni
Pamenepo ndavomera akulu. Laimu wotere kuno sitikumana naye. Koma chimodzi ndiwonjezere: azungu ndi mabwana a kuno akakupatsa chipinda choti upente, masiku atatu amatha ukungotsuka, kumata ming'alu ndi kukwecha. Kupenta kwenikweniko ndi tsiku limodzi. Ndipo amalipira masiku onse anayi osadandaula. Kwathu munthu akakuona tsiku lonse usanatsegule chigubu amati ukuba nthawi.

Amake Mapasa, Chilomoni
Nanga kumunsi kobiriwirako nditani? Ndigule sandipepa ndikweche mpaka njerwa zioneke?

Namwino wa ku Zomba
Mayi, chonde dikirani kaye musanakweche. Ndawerenga zonse ndipo mtima wanga waima pa penti wobiriwira uja. Mapasawo ali ndi zaka zingati?

Amake Mapasa, Chilomoni
Akwanitsa zitatu mwezi wa mawa. Ndipo ndi amene amakonda kusenda pentiyo, ndimachita kuwaletsa.

Namwino wa ku Zomba
Ndiye ndimvereni bwino. Penti wamafuta wakale nthawi zambiri amakhala ndi mtovu, womwe uja uli m'mabatire a galimoto. Opanga ankauthira kuti mtundu uwale ndiponso kuti penti aume msanga, makamaka wachikasu, wofiira ndi wobiriwira. Si nkhani ya kalekale yokha ayi. Mu 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti wamafuta wogulitsidwa m'dziko muno n'kupeza kuti mitundu yambiri inali ndi mtovu wopitirira muyezo, ndipo a Malawi Bureau of Standards anayamba kulondola nkhaniyi kwa opanga. Muyezo umene mabungwe a United Nations amalimbikitsa ndi wosapitirira magawo 90 pa miliyoni. Ngati wa m'zaka zaposachedwapa anali choncho, wa nthawi ya bambo anu tizingomutenga ngati ali nawo.

Penti wotereyu akakhala phee pakhoma, wosasweka, savuta kwenikweni. Choopsa ndi fumbi lake ndi timakoko take. Mwana amagwira pansi, chala chimapita m'kamwa. Mtovu umaononga ubongo umene ukukula, mwana amavutika kuphunzira, amachepa magazi, ndipo nthawi zambiri saoneka kudwala kuti mungazindikire msanga. A World Health Organization amanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Ndiye kukwecha pouma ayi ndithu. Kuwotcha pentiyo ndi moto kuti afewe ayinso, utsi wake ndi woipa kuposa fumbi. Masiku a ntchitoyi ana akakhale kwa achibale, ndipo ngati m'nyumbamo muli woyembekezera nayenso achokeko. Pansi muyale mapepala a pulasitiki, pomaliza mukolope ndi nsanza yonyowa, tsache limangouluza fumbi. Wogwira ntchitoyo asambe m'manja asanadye, ndipo zovala zake zichapidwe pazokha.

Wopenta wa ku Ndirande
Anamwino, zikomo. Izi ambiri a ife opentafe sitinauzidwepo, takhala tikupuma fumbi limeneli zaka zonsezi. Ubwino wake, mayi, wobiriwirayo sakufunika kuchoka. Mwanena kuti wagwira zolimba, ndiye musiyeni pomwepo, tingomuphimba. Sendani PVA wa pamwambayo, achoka mosavuta mukamunyowetsa. Kenako tsukani wobiriwirayo ndi sugar soap, sopo wotsukira khoma lisanapentedwe, kapena sopo waufa m'madzi ofunda, chifukwa zaka zonsezi wamwa mafuta a m'manja ndi polishi wa pansi. Mutsukuluze bwino, sopo akatsalira nayenso amakanitsa penti. Ndiye mutenge sandipepa wakuda uja wa m'madzi, muzimuviika m'ndowa n'kumakwecha mopepuka, khoma lili lonyowa. Cholinga si kuchotsa mtundu, n'kungopha kunyezimirako kuti pakhale pogwira. Pukutani ndi nsanza yonyowa, paume, kenako andakoti, amene pachitini amalemba kuti universal undercoat. Ameneyo amaluma pa wamafuta, ndipo PVA amaluma pa iyeyo. Mumupatse tsiku lathunthu kuti aume, musamuthamangitse. Pogula muwerenge pachitini, musankhe wolembedwa kuti alibe mtovu.

Koma ine ndikanakhala inu, ndi mapasa a zaka zitatu, kumunsiko sindikanabwezeretsa PVA wamba. Ndikanagula wamadzi womwewo koma wotsukika, wonyezimira pang'ono. Bambo anu sanalakwe kuika penti wopukutika pamene manja a ana amafika.

Aphunzitsi a ku Thyolo
Pepani ndilowererepo ndi langa, likufanana. Kuno chiperoni chikabwera mu June ndi July, kuseri kwa wadiropu ndi m'makona a siling'i mumatuluka timadontho takuda. Ndapentapo kawiri, chaka chotsatira tabwereranso pomwepo.

Wopenta wa ku Ndirande
Aphunzitsi, timeneto si litsiro, ndi nkhungu, ndi yamoyo. Mukaipenta mwangoifunditsa bulangete. Sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu anayi a madzi, mupake pamenepo, mudikire mphindi ngati 20, mutsuke ndi madzi oyera, paume, ndiye mupente. Muvale magolovesi ndipo mutsegule mawindo. Jik musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira kapena viniga, mpweya wake umatsamwitsa. Koma chimene chimaibweza ndi mpweya wonyowa umene sukuyenda. Wadiropu italikireko khoma ngati chikhatho chimodzi. Ndipo muone timabowo ta mpweya tapamwamba pa mawindo, anthu ambiri kwanuko amatitseka ndi mapepala chifukwa cha kuzizira, n'kuiwala kutsegula.

Aphunzitsi a ku Thyolo
Timabowoto ndinatseka ndekha ndi makatoni chaka chatha. Mawa ndichotsa.

Wa lendi ku Area 25
Izi azimve eni nyumba. Wa lendi akangotuluka, iwo amatumiza mnyamata ndi chigubu chimodzi, apaka pamwamba pa mwaye, pa fumbi, pa kangaude yemwe. Iwe ukalowa miyezi iwiri penti wagwa, potuluka akuti waononga nyumba, akudula dipoziti.

Alandilodi a ku Kawale
Achimwene, ena amaterodi, sindikana. Koma inunso muzitiganizira. Nyumba yanga ina munthu anatulukamo atakhoma misomali yoposa 30 pabalaza pokha, ndipo kukhitchini ankaphikira mbaula mkati, khoma lonse bii. Ndinapaka PVA katatu, chikasu cha utsi chikutulukirabe. Amisiri, pamenepa mumatani?

Wopenta wa ku Ndirande
Bwana, utsi ndi madontho a denga lodontha n'chimodzimodzi, amasungunuka m'madzi a PVA n'kukwera pamwamba, ngakhale mupake kakhumi. Tsukani mwaye ndi sopo, paume, mupake andakoti wamafuta pamene pali banga, ameneyo amatseka. PVA abwere pambuyo. Mabowo a misomali ndi polifila, pamwamba pake kadontho ka andakoti kapena penti musanapake khoma lonse, apo ayi timawanga tidzaonekera.

Adimini
Nkhani ya madipoziti tiitsegulire pake tsiku lina abale, ndi yaitali. Tibwerere kwa Amake Mapasa, kona yawo ya chinyezi sinayankhidwe.

Wopenta wa ku Ndirande
Zoona adimini, ndipo konayo ndi imene ikufuna kuleza mtima kwambiri. Mayi, pamenepo penti aliyense alephera mpaka madziwo atasiya kufika pakhoma. Yambani panja. Pochapira pasunthe, kapena pampopipo pawakidwe simenti yotsetserekera kutali ndi nyumba, ndi kangalande kotengera madzi kudimba. Muonenso ngati paipi yake sikudontha pansi. China, nyumba zakale dothi limakwera pang'onopang'ono m'mbali mpaka kukwirira pepala lakuda lija amaika pamwamba pa maziko kuti chinyezi chisakwere. Likakwiririka, madzi amalilambalala. Fukulani dothilo litsike.

Mkati, gogodani pakonapo ndi chigwiriro cha sikirepa. Pamene pakulira ngati ng'oma kapena pakufumbutuka, pulasitala wafa, agwetsedwe mpaka pa njerwa. Musiye njerwazo zipume kaye masabata angapo, kenako amange pulasitala watsopano. Ameneyo amafuna masiku 28 asanaone penti. Ndikudziwa kuti ndi ambiri, koma simenti yaiwisi imadya penti. Mukaona zoyera ngati mchere zikutuluka, ndi mchere wa m'njerwa umene madzi akuusiya pouma. Muzichotsa ndi bulashi youma. Mukatsuka ndi madzi mukuubwezera mkati. Zikasiya kutuluka, mupake pulaima wa pulasitala, amene amayamba kupakidwa kuti penti agwire bwino, kenako penti. Ndipo wina asakunamizeni kuti pakani wamafuta atseke chinyezi. Chimangokwera n'kukatulukira pamwamba pomwe wamafutayo wathera.

Wa lendi ku Area 25
Mnyamata anakupenteraniyo akubwezereni ndalama mayi. Wopenta wanji osadziwa zonsezi?

Amake Mapasa, Chilomoni
Achimwene, poyamba ndinakwiya naye kwambiri, koma ndiyenera kunena chilungamo. Tsiku loyamba anapaka chikhatho pakhoma n'kundiuza kuti amayi, apa pakufunika kupala kaye. Ine ndinali ndi alendo a chinkhoswe cha mng'ono wanga Loweruka lake, ndinamuuza kuti nthawi palibe, angopaka. Ndipo pa mtengo tinagwirizana za kupaka kokha. Za wamafuta kumunsi sananene, mwina sankadziwa. Koma za laimu anandichenjeza, ine sindinamvere.

Wopenta wa ku Ndirande
Mwachita bwino kunena zimenezi pagulu, mayi, ambiri sakananena. Mnyamata amene amayamba wapaka chikhatho pakhoma ali ndi mutu wa ntchito. Chimene chinamusowa ndi kulimba mtima kokana, ndipo munthu ukakhala ndi njala kukana ntchito n'kovuta, ndinadutsamo. Muitaneni yemweyo. Mumuwerengere zonse talemba apazi, makamaka za anamwino. Mugwirizane mitengo iwiri, wa kukonza khoma ndi wa kupaka, kuti asathamangire kutsegula chigubu. Akakakamira penapake andifunse pompano, ndimuyankha.

Amake Mapasa, Chilomoni
Ndamuitana, wavomera, ndipo wati kupalako andichotserako mtengo. Funso lomaliza abambo: ndigule penti wochuluka bwanji? Ulendo watha ndinangogula mwa maso. Pabalaza ndi mamita 4 kwa 5, kuchipinda kwa ana 3 kwa 3.

Wopenta wa ku Ndirande
Tiwerengere limodzi. Pabalaza kuzungulira ndi mamita 18. Khoma likakhala lotalika mamita 2.7, ndiye pafupifupi masikweya mita 49. Tichotsepo zitseko ndi mawindo, titi 42. Kuchipinda kuzungulira ndi 12, ndiye 32, tikachotsa chitseko ndi windo titi 28. Zonse pamodzi 70. Mupaka kawiri, ndiye 140. Ine ndimawerengera kuti lita imodzi ya PVA imapaka masikweya mita 8 pa khoma losalala, ndiye mukufunika malita 18 kapena kuchepera pang'ono. Chigubu chimodzi cha malita 20 chikwana, siling'i ndi yapadera. Mukasankha wotsukika kumunsi, mugawe, koma chiwerengero chonse ndi chomwecho. Ulendo watha munagula ziwiri, ndiye muone, mwina china chatsalamo. Ngati chinali chotseka bwino ndipo sichikununkha chowola, n'chabwinobwino.

Madzi asapitirire zimene alemba pachigubu. Penti wosungunula kwambiri amaoneka ngati wachuluka, koma mudzapaka kanayi kuti aphimbe. Takasani mpaka pansi. Ngati mukuthira mtundu nokha, sakanizani wokwanira chipinda chonse nthawi imodzi, chifukwa kawiri sufanana. Muyambe siling'i, kenako makoma, zitseko ndi mafelemu pomaliza. M'makona ndi bulashi, pakati ndi rola, ndipo khoma mukaliyamba mulimalize mpaka pakona, mukapumira pakati mzere udzaoneka. Woyamba aume maola anayi musanabwereze.

Agogo a ku Dedza
Mdzukulu wandiwerengera zonse. Mwana wa ku Ndirande, unaphunzitsidwa bwino. Koma panja pa nyumbayo, mwana wanga wa ku Chilomoni, ngati pali laimu usamuchotse. Umupakenso mvula isanabwere.

Amake Mapasa, Chilomoni
Panja ndi laimu yekhayekha agogo, ndipo ndichita momwemo.

Amake Mapasa, Chilomoni
Moni nonse, ndabwera kudzapereka lipoti patatha milungu inayi. Ana ndinawapititsa kwa azakhali awo ku Machinjiri kwa masiku 9. Kupala laimu kunatenga masiku atatu, tinatulutsa ndowa zodzadza sindinawerenge. Pansi pake tinapeza pulasitala wabwinobwino, ndi ming'alu iwiri yaing'ono imene mnyamata uja anaikulitsa pang'ono ndi sikirepa n'kumata polifila. Wobiriwira uja tinamukwecha ponyowa monga munanenera, ndipo ndinakolopa katatu ana asanabwere. Ndisananame, pamene andakoti ankaphimba mtundu wa bambo anga ndinatuluka panja kukakhala pakhonde kaye. Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwanga ndauza mnyamatayo asiye kachigawo kakang'ono, pamwamba pomwe ana safikira pali pomwe bambo anayeserapo bulashi, kakhale choncho.

Pabalaza patha. Dzulo ndinamata selotepi kumunsi ndi kumtunda n'kumatula mwamphamvu, sipanachoke kanthu. Pochapira tasamutsira kuseri kwa bafa, ndipo pofukula dothi tinalipezadi pepala lakuda lija litakwiririka.

Namwino wa ku Zomba
Mwandisangalatsa mayi. Mukapita nawo kusikelo mapasawo muwauze achipatala kuti ankasenda penti wakale, awaone magazi ngati ali okwanira. Ndipo m'zipinda zotsalazo, pomwe wobiriwirayo akadali poyera, muziyang'ana ngati sakusweka.

Wopenta wa ku Ndirande
Ntchito mwaigwira. Khoma latsopanolo musalitsuke kaye milungu iwiri kapena itatu, penti amauma msanga pamwamba koma amachedwa kukhwima. Wotsalayo mumuthire m'kachigubu kakang'ono kotseka bwino, mulembepo chipinda chake. Nanga kona ija ili pati?

Amake Mapasa, Chilomoni
Kona ija sitinaipente abambo. Pulasitala wakale anagwa yekha titangogogoda, njerwa tinazisiya zipume, ndipo watsopano anamangidwa Lachiwiri lapitali. Ana akugona kuchipinda kwanga. Ndalemba pa kalendala ya kukhitchini, lero ndi tsiku la 6 mwa 28 aja. Zoyera za mchere zatulukapo pang'ono m'munsi, ndachotsa ndi bulashi youma m'mawa uno. Ndidzatumiza chithunzi ndikadzapaka pulaima.